Adzukulu athu a ku Harare aona Great Zimbabwe, za kwathu adzawaonetsa ndani?

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanuyi. Ine ndikulemba ndili kuno ku Harare, ku Mufakose, komwe ndakhala kuyambira 1984 pomwe ndinabwera kutsatira atsibweni anga amene analowa dziko lino kalekale nthawi ya Mthandizi, bungwe lija linkalemba anthu akwathu ntchito za kuno. Kwathu kwenikweni ndi ku Dedza, mbali ya ku Linthipe. Nyuzi yanu timaiwerengera pa foni, wina akaipeza amaiponya pa gulu lathu la WhatsApp la anthu akumudzi nde timagawana choncho. Ntchito yanga moyo wanga wonse ndi yomanga nyumba, njerwa ndi simenti basi, ndipo ndanena dala zimenezi chifukwa nkhani ndabwera nayoyi yayambira pa chipupa.

Mwezi wa Ogasiti ana ali pa holide, mabanja angapo a kutchalitchi kwathu tinasonkherana ndalama, tinachita hayala kombi nkutenga adzukulu kupita nawo ku Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale wamiyala. Si pafupi ayi, kuchoka Harare kukafika Masvingo ndi makilomita pafupifupi 300, kenako muonjezerepo ena ngati 30 kuti mukafike pamalopo. Tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha, kudutsa Beatrice, Chivhu, Mvuma, amayi atanyamula mpunga ndi nkhuku m'mapoto, ana akuyimba mpaka ena kugona. Zaka zonsezi ndili m'dziko muno koma aka kanali koyamba kupondako. Mbalame ya pa mbendera ya Zimbabwe ija ndimangoiona tsiku ndi tsiku osadziwa kuti kwawo kwake kukuoneka bwanji.

Titalipira pageti ana anathamangira kukajambulana, ine ndinalunjika ku chimpanda chachikulu chija Ashona amati Imba Huru, azungu amati Great Enclosure. Abale inu. Chipupa chozungulira mamita pafupifupi 250, malo ena kutalika mpaka mamita 11, kunenepa kwake m'munsi kufika mamita 5, koma mulibe simenti, mulibe laimu, ngakhale matope omatira mulibe. Miyala yokhayokha yosanjikizana. Ndinagwada pansi nkuika tsaya pa chipupa kuti ndione m'mene mzere wayendera ngati m'mene ndimachitira ndikamaona ntchito ya mnyamata amene ndikumuphunzitsa, ndinapeza mizere yake ikuyenda bwinobwino ngati anakoka chingwe ndi kuika levulo, miyala yake yosemedwa saizi yofanana ngati yochokera m'chikombole chimodzi. Chipupacho chimayamba chonenepa pansi nkumaonda pokwera, chotsamira mkati pang'ono, ndiye kulemera kwake komwe ndi kumene kukuchigwira. Kona mulibe, paliponse nkokhotakhota, ngakhale pakhomo anachita kuzunguliza. Pamwamba mbali ina anakongoletsa ndi miyala yopendeketsa yopanga manomano. Koma chimene chinandikhudza ine kwambiri ndi timabowo tam'munsi totulutsira madzi a mvula, chifukwa mmisiri aliyense akudziwa kuti chipupa sichigwa ndi mphepo, chimagwa ndi madzi osowa kolowera, ndipo ine ndagwetsapo ndi kumanganso mipanda yambirimbiri muno mu Harare ya anthu amene anaiwala kabowo kameneka. Munthu uja anakaganizira zaka 600 kapena kuposa zapitazo.

Wotiperekeza, mnyamata wa konko, anatiuza kuti miyalayi imachokera m'mapiri omwewo, thanthwe la mtundu umenewu limasendeka lokha ngati makungwa, ndipo kuti lifulumire ankasonkhapo moto nkuthirapo madzi ozizira, likasweka nkumasema. Tinayenda m'kanjira kopanikiza pakati pa zipupa ziwiri, mapewa kukhudza uku ndi uku, m'mwamba kungooneka kamzere ka thambo, mpaka tinatulukira pa nsanja ija yooneka ngati nkhokwe, yotalika mamita pafupifupi 10, imene mkati mwake ndi miyala yokhayokha, ilibe khomo ilibe chipinda.

Mzindawu unamangidwa pang'onopang'ono kuyambira cha m'ma 1100 mpaka m'ma 1400. Pofukula anapezamo mikanda, zidutswa za mbale za ku China ndi ku Persia, ngakhale kandalama ka ku Kilwa, kusonyeza kuti golide ndi minyanga zinkachoka pano kupita kunyanja yamchere anthu akuda akuyendetsa okha malonda awo. Nde tamvani zimene zinachitika azungu atafika. Karl Mauch atawaona malowa mu 1871 anati iyi ndi ntchito yokhudza mfumukazi ya ku Sheba, munthu wakuda sangamange zotere. Mu 1905 David Randall-MacIver anafukula nkunena kuti ayi, amanga ndi Aafirika. Mu 1929 mayi wina Gertrude Caton-Thompson anafukulanso nkunena zomwezo. Koma boma la Rhodesia silinafune kuti zimveke, mpaka Peter Garlake amene ankayang'anira malo akale anachoka m'dziko mu 1970 chifukwa chokana kubisa chilungamo. Lero dziko lonse likutchedwa ndi dzina la miyala imeneyi kuyambira 1980, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika malowa pa mndandanda wake wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1986. Mbalame zosema pamwala zinapezeka 8, ena amati ndi chapungu ena amati ndi hungwe, ndipo hungwe ndi nkhwazi yathu yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi.

Tsono chimene chandilembetsa kalatayi chinachitikira paphiri. Tinakwera njira yakale ija yodutsa pakati pa matanthwe, malo ena munthu mmodzi yekha ndiye angadutse, ine mawondo akudandaula ndinkapuma pafupipafupi. Pamwamba ukuona chigwa chonse, chimpanda chija chili pansi apo, patali madzi a Mutirikwi akunyezimira. Mdzukulu wanga wamkazi amene ali Form 2, Chichewa amamva koma poyankha amasakaniza ndi Chishona, anadzakhala pafupi nane nkundifunsa kuti, “Agogo, nanga ku Malawi kuli chani changati ichi? Kapena kwanu kunalibe mafumu?”

Ndinakhala chete a Mkonzi. Mwanayu zonse za Great Zimbabwe, Khami, Mutapa, Rozvi amaziloweza kusukulu mu Heritage Studies ndipo amakhoza bwino. Koma kusukulu komweko anzake akakangana naye amamutchula mubhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi lochokera ku mawu oti Blantyre, amamuuza kuti anthu akwanu alibe mutupo, ndiye kuti mfunda, anangobwera kudzalima fodya m'mapulazi ndi kudzakumba m'migodi. Malawi amene iye akumudziwa ndi basi ya usiku, mzere wa pa boda ya Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, kenako maliro. Wapitako kawiri, konseko kunali kukaika munthu. Timafika, kulira, kuika, kudya nsima ya pamaliro, kukangana pang'ono za munda, mawa lake tabwerera chifukwa tchuti chatha. Ndani angamuimbe mlandu mwana akaganiza kuti kwathu kuli manda okhaokha?

Chimene chikundipweteka nchakuti yankho ndinali nalo, ndinakulira pakhomo pake penipeni. Mapiri a kwathu ku Dedza aja, Chongoni, Mphunzi, Chentcherere, Namzeze, ali ndi mapanga ojambulidwa zithunzi zakale, malo 127 onse pamodzi, ndipo UNESCO yomweyo imene inalemba Great Zimbabwe inalembanso Chongoni mu 2006, mndandanda umodzimodzi. Zojambula zofiira zija, timizere, tozungulira, timadontho, ndi za Akafula amene makolo athu anawapeza m'dzikomo. Zoyera zija, zopaka ndi dothi loyera, zooneka ngati nyama yoyala miyendo, ndi za ife Achewa, zina zimakhudza chinamwali cha atsikana zina zimakhudza kudambwe, ndipo apa ndilekeza pomwepa chifukwa zina sizilembedwa m'nyuzipepala. Kuno ku Mufakose, ku Mbare, ku Mabvuku, ku Tafara, gule amatuluka mpaka lero, Ashona amati zvigure ndipo ana awo amathawa akamuona, ena amatinyoza naye. Koma ndi angati mwa ana athu akudziwa kuti Gule Wamkulu yemweyo UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo kuti kumapiri a Dedza kuli matanthwe amene makolo anajambulapo za gule ameneyu?

Ndinene zoona pamaso panu. Ndili mnyamata ndikuweta mbuzi, mvula ikatipeza kuphiri tinkathawira m'phanga lina pafupi ndi kwathu. Tinkasonkha moto momwemo nkumaotcha chimanga ndi mbewa, utsi ukukwera pa thanthwe pomwe panali zojambulazo, ndipo tinkatenga makala nkulemba mayina athu pamwamba pake. Ine ndinalembapo langa. Ndikukumbukira chithunzi chake, choyera, chamiyendo inayi yotambasula, kutalika ngati mkono wanga, chili ndi timadontho takuda pamsana, ndipo chilembo choyamba cha dzina langa ndinachiika pamutu pake penipeni. Palibe anatiuza kuti ichi ndi chani. Akuluakulu ankangoti kumeneko musamapiteko, osanena chifukwa, kusukulu tinkaphunzira za David Livingstone ndi za mafumu a ku Mangalande. Nditaimirira paphiri la Great Zimbabwe, pomwe mwana wa sukulu akangokwera pa chipupa mlonda amamutsitsa nthawi yomweyo, ndinakumbukira khala lija m'dzanja langa ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

Mafumu tinali nawo. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma lomwelo la Dedza, ndi kumene kunali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, ufumu umene unafika mbali za Zambia ndi Mozambique za lero ndipo dzina loti Malawi linachokera pamenepo. Katswiri wathu Yusuf Juwayeyi anafukula pamalopo nkupeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China, zangati zomwe zija ana athu anaziona m'magalasi mu miyuziyamu ya ku Great Zimbabwe. Ndiye kuti malonda amene ankafika kuno ankafikanso kwathu. Komanso cha m'ma 1608 mfumu ya Amaravi yotchedwa Muzura inatumiza ankhondo ake kuwoloka Zambezi kudzathandiza Gatsi Rusere, mfumu ya ufumu wa Mutapa, pa nkhondo yake ndi omuukira. Tamvani bwino pamenepa inu matchona anzanga: anthu akwathu anawoloka Zambezi ngati ankhondo a mfumu zaka 300 Mthandizi ndi Wenela asanabadwe. Mwana amene akutchedwa mubhurandaya ayenera kuidziwa nkhani imeneyi.

Mwina wina anena kuti nanga bwanji ku Mankhamba kulibe zipupa. Ngati mmisiri ndiyankha kuti munthu amamanga ndi chimene dziko lamupatsa. Kuno thanthwe limasendeka lokha, kwathu kuchigwa cha kunyanja kunali mitengo, nsungwi, bango ndi dothi, ndipo zimenezi chiswe ndi mvula sizizisiya. Ngakhale ku Great Zimbabwe komweko anthu sankagona m'miyala ayi, ankagona m'nyumba zadothi zofolera ndi udzu mkati mwa mipandayo, nyumbazo zinagwa kunatsala mipanda. Mawu oti linga tili nawo m'chinenero chathu chifukwa malinga tinkamanga. Ana athu akaona pa TV nyumba zamafumu a ku Ulaya zija zansanja zitalizitali amayesa mbiri ndi imeneyo basi, pomwe mbiri ina ili pansi pa nthaka ya munda wa chimanga, imafuna munthu woti aime pamenepo nkufotokoza.

Ndipo zooneka ndi maso ziliponso. Ku Nkhotakota kuli mkuyu umene Livingstone anakumanirana ndi Jumbe pa nkhani ya malonda a akapolo, pagombe pomwe anthu athu ankakwezedwa m'zombo kuwoloka nyanja osadzabwereranso. Kuli mabwinja a Fort Lister pakati pa Mulanje ndi Michesi, kuli Fort Mangochi kumapiri. Mu Blantyre muli Mandala House ya 1882, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, David Clement Scott akutsogolera asanaphunzirepo zomangamanga, njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa pompo ndi manja a anthu akuda, ine chimenechi ndinachionapo kamodzi ndipo ndinazungulira katatu kuwerenga mitundu ya njerwa. Kuli Livingstonia pa Khondowe, kuli PIM ku Chiradzulu kwa John Chilembwe wa 1915, kuli KuNgoni ku Mua komwe anasonkhanitsa zigoba za gule zambirimbiri. Phiri la Mulanje nalo lalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2025. Zonsezi ine ndikuzitchula lero koma paphiri paja pakamwa panauma, chifukwa sindinazolowere kuziona ngati zinthu zoti munthu nkunyadira.

Ulendo womaliza umene ndinapita kumudzi, pa maliro a mlongo wanga, ndinaba maola awiri nkukwera kuphanga lija ndekha. Chikwangwani panjira panalibe, anandilondolera ndi kamnyamata kena kamene kankachokera kotchera mbewa. Mitengo imene inkatchinga pakhomo pa phanga inatha ndi makala, tsono dzuwa ndi mvula zikumenya pa thanthwe mwachindunji. Dzina langa linafufutika koma pabwera ena atsopano, ena a choko ena a penti, wina mpaka analembapo nambala ya foni. Chithunzi chija chilipo koma chazilala, mwendo umodzi sukuonekanso. Ndinamufunsa mnyamatayo kuti ichi ndi chani, anati kaya, azungu ndi amene amabwera kudzajambula. Yankho lomwe lija ndikanayankha ine zaka 50 zapitazo.

Kuno tinaphunzirapo kanthu pa Domboshava, makilomita ngati 30 kuchoka mu Harare, komwenso kuli phanga la zojambula zakale. Mu 1998 munthu wina anakapaka penti pa zithunzizo usiku, ndipo nkhani imene inamveka ndi yoti anthu ozungulira anali ndi mkwiyo chifukwa anaona ngati alandidwa malo awo amene ankapempherapo mvula. Ndiye ine sindikupempha kuti ku Chongoni aikeko waya waminga ndi mlonda wamfuti ayi. Mukatsekera eni ake kunja malowo amasanduka a boma, ndipo cha boma kumudzi anthu sachisamala. Anamkungwi alipo, akulu akudambwe alipo, mafumu alipo, amenewa ndi amene akudziwa choti chinenedwe ndi choti chisanenedwe, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Achinyamata a m'midzi yomweyo aphunzitsidwe kuperekeza alendo ngati mnyamata wa ku Masvingo uja, azilandirapo kangachepe, mwana woweta mbuzi akaona kuti mkulu wake akudya chifukwa cha phangalo sangalembepo ndi khala. Zikwangwani ziikidwe pa msewu wa M1 zooneka bwino, zolembedwa m'Chichewa osati Chingerezi chokha. Ndipo masukulu a ku Dedza, ku Lilongwe, ku Ntcheu azipita ndi ana kumeneko, ku Great Zimbabwe tsiku lija tinapeza mabasi a sukulu atandandana, ana atavala yunifolomu makope m'manja, ndipo mtengo wolowera wa mwana wa m'dziko ndi wotsika dala kuti zitheke.

Inunso a Mkonzi mutithandize. Tsamba limodzi pa mwezi lokha, mtolankhani wanu apite malo amodzi, ajambule, atiuze kuti ukatsika minibasi pakuti umayenda bwanji, ukafika umaonana ndi ndani, nthawi ya dzinja njira imadutsika kapena ayi. Ife tili kunja kuno tikafuna za Victoria Falls kapena Matobo pa intaneti zimabwera zodzaza, koma tikafuna za Mankhamba timapeza zolemba za akatswiri m'Chingerezi chovuta, zoti agogo ngati ine sindingamuwerengere mwana.

Koma kwenikweni ndikulankhula ndi inu anzanga a kuno, a ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa, Epworth, Norton, ndi inu muli ku Bulawayo ndi ku Joni. Tili ndi mabungwe a maliro amphamvu, mwezi ndi mwezi timasonkha osaphonya kuti tikafa mtembo ukagone kwathu kapena uikidwe mwaulemu konkuno. Zimenezo nzabwino, inenso ndimasonkha. Koma bwanji sitingasonkhe kuti mwana wamoyo akaone kwawo? Ndikudziwa ndalama ikuvuta, ndikudziwanso kuti ambiri mwa ana athu nkhani ya mapasipoti ndi zitupa inawasautsa zaka zambiri ndipo ena mpaka pano sizinalongosoke. Koma amene mungathe, mukapita kumudzi onjezerani tsiku limodzi lokha loti si la maliro, si la milandu ya munda, mumutenge mwana mukamuimike penapake nkumuuza kuti apa panachitika zakuti. Ngati kombi inatheka ya ku Masvingo, ya ku Dedza ingakanike bwanji, msewu ulipo wodzera ku Tete nkukalowera pa boda ya Dedza pompo.

Mdzukulu uja ndinadzamuyankha tili m'kombi pobwerera, mdima utagwa cha ku Chivhu anzake onse atagona. Ndinamuuza za Kalonga, za Muzura, za phanga lija, ndi za dzina langa lomwe, sindinamubisire. Anandifunsa kuti chithunzicho chikutanthauza chani, ndinati zimenezo si ine wokuuza, akakuuza ndi agogo ako aakazi akumudzi ukakafika, ndi nkhani ya amayi. Kuyambira tsiku limenelo akumandikakamiza kuti ndizimuyankhula Chichewa chokhachokha pakhomo kuti akakafika asakasowe chonena.

Disembala ikubwerayi tikupita, ine, iyeyo ndi mlongo wake wamng'ono, ndalama ya basi ndayamba kale kusunga. Tikatsikira pa Linthipe, tikagona kwathu, m'mawa kuphiri. Kenako ndikufuna titsike ku Golomoti tikafike ku Mua ndi ku Mankhamba. Ngati pali owerenga a ku Mtakataka amene akudziwa bwino njira yokafikira pamalo penipeni pamene anafukula paja, ndi mfumu yoyenera kuyamba kuilonjera tisanapondepo, chonde alembe kudzera m'nyuzipepala yomweyi, ife kuno tiziona.

Ine wanu,
Mmisiri wa ku Mufakose,
Harare